Madiresi Aatali Okha Sakwanira: Mkangano Wathu pa Julia Quinn ndi Beverly Jenkins

Buku langa la The Duke and I labwerako sabata yatha, litayenda m'manja mwa anthu kwa miyezi inayi. Chikuto chake n'chomatamata ndi selotepi, masamba apindika m'makona, ndipo pakati penipeni pali dontho la mafuta lomwe mwini wake mpaka lero akukana. Analiwerenga anthu asanu: achemwali anga, msuweni wanga, anzanga awiri, ndi mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu amene anayamba wandilumbiritsa kuti ndisamutchule kwa munthu. Mwezi womwewo ndinabwereketsanso buku lina lolemera, la mlembi wolandira mphoto zikuluzikulu. Ilo linabwerako patatha masiku atatu, loyera ngati langotuluka kumene m'sitolo.

Ndiye lero tiyeni tikambe za mabuku amene timawakonda koma timawabisa pansi pa chikwama: manovelo a chikondi okamba za makedzana. Aja pachikuto pamakhala mtsikana wa diresi lokwekwereza pansi, ndi mwamuna amene mabatani a malaya ake akuoneka kuti anaiwala ntchito yawo. Pali anthu amene amawanyoza kuti ndi "mabuku a atsikana", koma ukawafunsa kuti awerengapo liti, amayamba kuyang'ana foni. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Awo tiwasiye kaye.

Ife amene timawerenga, tikakumana timasangalala kwambiri, kukumbutsana mitu yotiseketsa ndi kunyozana pa amuna a m'mabuku amene aliyense amawafera. Koma ulendo uno chisangalalocho chinasanduka mkangano, ndipo mkanganowo wandiphunzitsa chinthu chimodzi. Mabuku amenewa amakoma chifukwa cha malamulo ouma a nthawi imeneyo, amene ankachititsa kuti chikondi chikhale chodula. Mlembi akawazemba malamulowo n'kungotola madiresi ndi ngolo za akavalo, buku limakoma ngati switi, kuthera pakamwa pomwepo. Akawalola kuti alume, buku limakhala nawe zaka.

Kodi n'chifukwa chiyani kugwirana dzanja kumatenga masamba atatu?

Manovelo ambiri a mtundu uwu amachitikira ku England m'nyengo yotchedwa Regency, kuyambira 1811 mpaka 1820, pamene Mfumu George III inadwala matenda a maganizo ndipo mwana wake ankalamulira m'malo mwake. Zaka 9 zokha, koma mabuku okamba za nyengoyi angadzaze nyumba. Amene anatsegula njira ndi Georgette Heyer, ndi buku lake la Regency Buck la mu 1935. Jane Austen timamuikamo molakwika. Iye potulutsa Pride and Prejudice mu 1813 ankalemba za masiku ake omwe, ngati mmene ine ndingalembere za minibasi ndi kuzimazima kwa magetsi.

Tsono taonani mmene zinalili kwa mtsikana wa nthawi imeneyo. Akakwatiwa, ndalama zake ndi katundu wake wonyamulika zinkasanduka za mwamuna, ngakhale malipiro a thukuta lake lomwe. Malamulo osintha zimenezi anadzabwera mu 1870 ndi mu 1882. Kuthetsa ukwati kuti ukwatirenso kunkafuna lamulo lapadera lochokera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo zinali choncho mpaka 1857. Ana anali m'manja mwa bambo. M'mabanja ambiri a eni minda, nyumba ndi dzina laulemu zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo ngati palibe, zinkagwera wachibale wina wamwamuna, mayi wamasiye ndi ana ake aakazi n'kutsala akuyang'ana kumwamba. Kungopezeka uli wekha ndi mwamuna m'munda wa maluwa usiku kunali kokwanira kuti mbiri yako ithe, ndipo azing'ono ako nawo asowe owafunsira.

Mwachidule, ukasankha molakwa, walakwitsa moyo wonse, ndipo kulibe kobwerera. N'chifukwa chake kukhudzana dzanja pa dansi kumatenga masamba atatu, ife n'kumawerenga mtima uli m'mwamba. Timadziwa chimene chili pa mbale.

Nditawafotokozera izi achemwali anga, anangoseka. "Iwe, izitu si zachilendo. Waiwala zimene anaona mayi aang'ono amuna awo atamwalira? Anatsala ndi mphasa ndi ndowa." Ndipo zoonadi, kuno kwathu lamulo latsopano loteteza chuma cha masiye linabwera mu 2011 chifukwa nkhani za kulanda katundu zinali zitafika posauzana. Mwina n'chifukwa chake mtsikana wa ku London wa mu 1813 sationekera mlendo kwenikweni.

Zimene Quinn amatha, ndi pamene anapunthwa

The Duke and I inatuluka mu 2000, ndipo ndi buku loyamba mwa mabuku 8 a banja la Bridgerton, buku lililonse mwana wake. Anawo mayina awo amatsata alifabeti, kuyambira Anthony mpaka Hyacinth. Daphne, mwana wachinayi, ali pa msinkhu wofuna banja koma anyamata amangomuona ngati mnzawo wocheza naye. Simon Basset, Duke wa Hastings, watopa ndi azimayi omukankhira ana awo. Awiriwa apangana zonamizira chibwenzi: iye apume kwa azimayiwo, Daphne akwere mtengo pamaso pa anyamata ena. Zotsatira zake mukuzidziwa kale, ndipo kudziwako sikuchotsa kukoma.

Ndisaname, Quinn amatha kulemba macheza. Banja la Bridgerton likakhala pa tebulo, kunyogodolana kwawo kumamveka ngati kwathu pa Khirisimasi. Kanyuzipepala kamiseche ka Lady Whistledown, kamene kamatsegula mutu uliwonse, ndi nzeru yabwino, chifukwa kamatikumbutsa kuti mumzindamo aliyense ali pansi pa diso la anthu. Ndipo bala la Simon ndi lenileni. Ali mwana anali wachibwibwi, bambo ake anamukana ngati chitsiru, ndiye iye analumbira kuti sadzabereka, kuti dzina limene bambowo ankalinyadira lithere pa iye. Apa mbiri yakale ikugwira ntchito yake. Lumbiro lotere likupweteka chifukwa m'dziko limenelo wolowa m'malo ndiye zonse.

Vuto likuyamba atakwatirana. Simon anamuuza Daphne kuti sangabereke, pamene zoona zake n'zoti sakufuna. Daphne walowa m'banja osadziwa n'komwe mmene mwana amapangidwira, chifukwa mayi ake usiku wa malangizo anangozungulirazungulira ndi manyazi. Msuweni wanga atafika pamenepa ananditumizira uthenga wa mawu akuseka mpaka kutsamwa: "Asuweni, anthuwa analibe anankungwi? Chuma chonsechi kulephera kupeza alangizi awiri?" Koma kuseka kunatha titafika pa mutu wotsatira. Daphne atazindikira chinyengocho, usiku wina Simon abwera ataledzera, ndipo Daphne apezerapo mwayi kuti atenge mimba, akudziwa bwinobwino kuti mwamunayo sakufuna.

Anayi mwa ife tinadutsapo pamenepa mothamanga, kufuna tikafike pogwirizananso. Amene anaima ndi mnyamata wa kutchalitchi uja. Pobweza bukulo anandifunsa kuti, "Asisi, zikanakhala kuti woledzerayo ndi mkazi, mukanalitcha chiyani?" Ndinasowa chonena. Bukulo limavomereza kuti Simon wapwetekedwa, koma kenako limatembenuza nkhani kuti wofunika kusintha ndi iyeyo, achire ku mkwiyo wa bambo ake. Daphne salipira kwenikweni. Bodza la Simon linali lalikulu, inde, koma bodza la wina silikupatsa chilolezo pa thupi lake. Kwa ine apa mlembi anaopa kuyang'ana chimene iye mwini walemba.

Pali mantha ena achiwiri, amene si a Quinn yekha koma a manovelo ambiri a Regency. M'mabukuwa tiyi amamwedwa tsamba lililonse, koma palibe wofunsa kumene shuga wachokera. Britain inaletsa malonda ogula ndi kugulitsa akapolo mu 1807, koma mu 1813 anthu akuda anali akadali akapolo m'minda ya nzimbe ku Jamaica ndi ku Barbados. Lamulo lothetsa ukapolo linadutsa mu 1833, ndipo boma linapereka chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, osati kwa akapolowo. Jane Austen, amene anakhala m'nyengoyo, anatchulako m'buku la Mansfield Park la mu 1814 kuti Sir Thomas Bertram ali ndi munda ku Antigua. Alembi a lero, amene akudziwa zambiri kuposa iye, nthawi zambiri amangotseka pakamwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Netflix itatulutsa Bridgerton pa 25 Disembala 2020, kudzera ku kampani ya Shonda Rhimes, inayesa kuyankha funsoli mwa njira yake. Simon anasanduka munthu wakuda, woseweredwa ndi Regé-Jean Page, amene mayi ake ndi a ku Zimbabwe ndipo anakulirako ku Harare. Ndinasangalala, musandifunse kawiri. Koma filimuyo imafotokoza kuti tsankho linatha chifukwa mfumu inakonda mkazi wakuda, basi. Uku n'kupaka laimu khoma long'aluka. Likuwala ndithu, koma mng'alu uli pomwepo.

Manja a Hester

Pofuna kuti mkangano upitirire, ndinayendetsa buku lachiwiri: Indigo, la Beverly Jenkins, mayi wakuda wobadwira ku Detroit, limene linatuluka mu 1996. Nalonso ndi novelo ya chikondi yeniyeni, yokhala ndi mwamuna wokongola mopweteketsa mutu, mitu yotentha yosayenera kuwerengera m'minibasi, ndi mathero osangalatsa. Kusiyana kwake n'koti Jenkins sathawa mbiri.

Nkhani ikuchitikira ku Michigan, ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1850. Hester Wyatt anabadwira mu ukapolo, ndipo ali mwana ankagwira ntchito yokonza utoto wa indigo, mpaka manja ndi mapazi ake anasintha mtundu kosatha. Tsopano ndi mfulu, ndipo nyumba yake ndi imodzi mwa malo obisalirako a Underground Railroad. Dzinali lisakupusitseni, sinali sitima ayi. Unali mgwirizano wachinsinsi wa anthu amene ankabisa akapolo othawa, kuwapatsirana nyumba ndi nyumba mpaka akafike kumpoto kapena ku Canada. Kuyambira 1850 lamulo la Fugitive Slave Act linkalola kuti wothawa agwidwe ngakhale m'zigawo zopanda ukapolo, ndipo womubisa ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Usiku wina amubweretsera Hester munthu womenyedwa kwambiri, wotchuka pa ntchito yothawitsa akapolo ndi dzina loti Black Daniel. Dzina lake lenileni ndi Galen Vachon, mwana wa banja lolemera la anthu akuda omasuka a ku New Orleans.

Chimene chinandigwira mtima ndi chifukwa chimene Hester amaopera chikondi. Bambo ake anali mfulu, koma anadzigulitsa okha mu ukapolo kuti akhale ndi mkazi amene ankamukonda. Mathero ake banja linabalalika. Ndiye Hester akamati chikondi n'choopsa, sakunena zonyada za mtsikana wofuna kunyengereredwa. Anaona mtengo wake pa makolo ake. Yerekezani ndi manovelo ena amene chotchinga chachikulu chimakhala kusamvana kumene kukanatha ndi kucheza kwa mphindi zisanu. Apa chotchinga ndi lamulo la dziko, alenje a anthu, ndi kazitape amene ali pakati pa anzawo omwe.

Jenkins sabisanso nyerere za m'nyumba mwathu. Kwawo kwa Galen kuli anthu akuda oyererako khungu amene amanyoza munthu ngati Hester, wakuda bii komanso wobadwira mu ukapolo. Aliyense amene wayendapo mumsika n'kuona mafuta oyeretsa khungu atayalidwa mulu sangawerenge mitu imeneyi ngati nkhani ya kutali. Hester amabisa manja ake m'magolovesi. Galen amatenga chimene iye amachita nacho manyazi n'kuchisandutsa dzina lachikondi, kumamutchula kuti Indigo. Ndipo mutu umene tonse tinagwirizana kuti ndi wokoma koposa si wa kuchipinda ayi. Ndi pamene akuluakulu awiriwa akhala pansi kuumba tizakudya ta dothi ngati ana a masanje, chifukwa Hester ubwana wake unadyedwa ndi ntchito. Achemwali anga anati anatseka buku kaye pamenepo n'kutuluka panja.

Sikuti Indigo ilibe zofooka. Nthawi zina Jenkins amaimitsa nkhani n'kuyamba kuphunzitsa mbiri ngati aphunzitsi a Fomu 3, mayina ndi zaka ndondondo, ampangankhani akudikira pambali. Galen naye ndi wolemera mothandiza mlembi, mavuto ena amangothetsedwa ndi chikwama chake, ndipo mawu oti "ayi" amachedwa kuwamva. Pa nthabwala ndi kuthamanga kwa macheza, Quinn amamuposa. Koma patatha miyezi, za Daphne ndimakumbukira kuseka kwanga, pamene za Hester ndimakumbukira manja ake.

"Ine ndimawerenga kuti ndipume"

Amene anatsutsa kwambiri ndi mnzanga wina, namwino. Nditamupatsa Indigo anawerenga kuchikuto n'kundibwezera. "Aise, ine ndikaweruka ndimakhala nditaona mavuto okwana sabata yonse. Ukufuna ndikagone ndi akapolonso? Ndipatse a Duke anga, ndimwe tiyi m'maganizo, ndigone."

Mfundo imeneyi sindingaipeputse. Munthu ali ndi ufulu wowerenga kuti apume, ndipo palibe amene ayenera kupereka chifukwa. Ndiponso kudzaza buku ndi mbiri yolondola si chiphaso cha ubwino. Heyer uja ankafufuza zovala, ngolo ndi kalankhulidwe ka nthawiyo mosamala zedi, ndipo An Infamous Army, buku lake la mu 1937, limafotokoza nkhondo ya ku Waterloo mwatsatanetsatane. Komabe mu The Grand Sophy, la mu 1950, patangotha zaka zisanu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anajambula wobwereketsa ndalama wachiyuda mwa njira yonyansa yatsankho. Mabatani a jekete anawalondola, munthu anamuphonya.

Yankho langa kwa mnzangayo linali ili. Novelo ya chikondi ili ndi pangano limodzi ndi owerenga: awiriwa adzathera limodzi, ndipo adzakhala bwino. Panganolo ndilo limatipumitsa, osati kusowa kwa mavuto. Ukadziwa kuti mlembi sakutaya m'njira, umatha kudutsa naye malo amdima amene m'buku lina sukanapirira. Ndipo Jenkins amagwiritsa ntchito panganoli kunena chinthu chimene mabuku a kusukulu satiuza kawirikawiri: anthu akuda a mu 1858 sankangolira m'maunyolo. Ankafunsirana, ankachita nsanje, ankaphika, ankaseka, ena anali ndi minda ndi mabizinesi awo. Kumapeto kwa mabuku ake amaikako ngakhale mndandanda wa mabuku a mbiri amene anawagwiritsa ntchito, ngati akuti, ukakayika kafufuze wekha. Mu Forbidden, la mu 2016, Rhine Fontaine akukhala ngati mzungu ku Virginia City, ku Nevada, chifukwa khungu lake limamulola, ndipo kuti akwatire Eddy Carmichael, mkazi wakuda wophika, ayenera kutaya ulemu wonse umene bodzalo lamupatsa. Pamenepo mawu oti "ndimakukonda" ali ndi mtengo wowerengeka.

Mnzangayo anatenga bukulo monyinyirika. Analimaliza m'masiku awiri. Pobweza anati, "Ndalira, ndakwiya, Galen ndamukonda. Tsopano ndipatse The Viscount Who Loved Me ndichire." Limenelo ndi buku lachiwiri la Bridgerton. Ndiye sindinganene kuti ndinapambana. Iye amakondabe a Duke ake, ine ndimakondabe Hester, ndipo tonse tikuwerenga mabuku a wina ndi mnzake.

Chimene chasintha ndi mafunso amene timafunsana tikamaliza buku. Kale linali limodzi: mwamunayo wakukomera? Pano tawonjezapo. Kodi awiriwa akutaya chiyani posankhana? Kodi nkhaniyi ikanachitika chimodzimodzi ikanakhala ya chaka chino, anthu atangosintha zovala? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti mbiriyo ndi katani chabe. Nanga amene akuthira tiyi ndi kuchapa madiresiwo, mlembi wawapatsa dzina? Mafunsowa sanaphe chisangalalo chathu. Macheza amene kale ankatha m'mphindi khumi pano amafika mpaka batire ya foni itatha.

Ndipo ndikamaganiza za malamulo oluma, ndimachita kaduka, chifukwa kwathu kuno aliko ochuluka odikira mlembi. Mnyamata wopita ku Joni pa Wenela, kusiya chibwenzi chimene amalume ake akufuna kuchipereka kwa wina, makalata akuwerengedwa mokweza ndi mwana wa sukulu pamaso pa mudzi wonse. Mkamwini amene akukondedwa ndi mkazi wake koma munda, ana ndi mawu omaliza zili kuchikazi. Mtsikana wa ku Nkhotakota m'masiku a Jumbe. Kapena wa mu Blantyre pambuyo pa lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Wina atalemba zimenezi m'Chichewa, ndi nthabwala za Quinn ndi kulimba mtima kwa Jenkins, ndi mathero osangalatsa osachita nawo manyazi, bukulo lingabwerere kwa mwini wake lili lomatamata ndi selotepi.

Pakadali pano Indigo ili ndi mnyamata wa kutchalitchi uja. Akuti waikutira ndi pepala la khaki kuti azitha kuwerengera pa depoti. Inu amene mwawerengapo mabukuwa, za Daphne ndi Simon zija munaziona bwanji? Ndipo amene anadonthezera mafuta buku langa, ndakukhululukirani, koma ndikukudziwani.